Kuyambira pa Nkhata Mpaka pa Sikelo: Momwe Zida Zimamvera Kupanikiza

Kulemera ndi kupanikiza zimayendera limodzi, koma si chinthu chimodzi. Mayi wochokera kumjigo kwa Khombedza ku Salima, atasenza ndowa ya malita 20, amadziwa kusiyana kwake popanda womuuza. Madziwo ndi makilogalamu 20, kaya waika nkhata kaya sanaike. Akasenza popanda nkhata, thako la ndowa limakhala pakadera kakang'ono ka paliwombo, ndipo asanafike patali mutu umayamba kuotcha. Nkhata sichotsa ngakhale dontho la madzi. Imangogawira katunduyo malo aakulu. Kupanikiza, komwe amakaniko ndi a kuchipatala amangoti presha, ndi mphamvu yokankha ikagawidwa ndi kukula kwa malo omwe ikukankhapo. N'chifukwa chake singano imaboola nsalu yomwe chala chalephera, ndipo bwato lolemera limakhala pamchenga osamira pamene phazi la njinga yoimitsidwa limalowa.

Muyeso wake ndi pascal, dzina lochokera kwa Blaise Pascal wa ku France. Pascal imodzi ndi kanthu kochepa zedi: pepala limodzi logonekedwa patebulo limapanikiza tebulolo ndi pascal yosakwana imodzi. Munthu wa makilogalamu 60 ataimirira ndi mapazi onse awiri amapanikiza nthaka ndi mapascal pafupifupi 20,000. Mpweya womwe watizinga umaposa pamenepo kasanu. M'mbali mwa nyanja yamchere umafika mapascal 101,325, zomwe zikufanana ndi kilogalamu imodzi pakamalo kongokula ngati chikhadabo. Thupi silimva katundu ameneyu chifukwa nalo limakankha kuchokera m'kati. Evangelista Torricelli ndiye anayeza presha ya mpweya koyamba mu 1643, pomwe anaona kuti mpweya umatha kuimika mekyule m'chubu chagalasi mpaka masentimita pafupifupi 76. Mu 1648 mlamu wake wa Pascal, Florin Périer, anakwera phiri la Puy de Dôme ndi chubu chotere, ndipo mekyuleyo amatsika iye akamakwera. Khombedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya wake ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa ku Beira ndi magawo ngati 6 pa 100 alionse.

Madzi ndiwo amapanikiza kwambiri. Mamita 10 alionse a kuya amaonjezera presha yofanana ndi ya mpweya wonse wa mumlengalenga. Nyanja ya Malawi imafika mamita 700 kumpoto kwake, ndipo pansi pamenepo presha ndi yoposa ya pamwamba ka 70. Asodzi amaona zotsatira zake m'manja mwao. Nsomba yokokedwa mofulumira kuchokera pakuya imatuluka mimba itatupa, nthawi zina maso atatong'oka, chifukwa mpweya wa m'kathumba kake koyandamira wafutukuka madzi atasiya kuufinya. Nsombazo zili ndi zida zao zomvera. Kamzere kodutsa m'nthiti mwa chambo kuchokera kumutu mpaka kumchira kamamva kusuntha kwa madzi, ndipo nsomba za mtundu wa Aulonocara za m'nyanja yomweyi zili ndi timabowo tokulirapo kunsi kwa mutu, tomwe timazithandiza kupeza tizilombo tobisala mumchenga zisanatione.

Presha sioneka. Zida zambiri zoiyezera zimagwira ntchito mwa njira imodzi: zimalola kuti kanthu kena kapindike pang'ono, kenaka n'kuyeza kupindikako. Wokonza njinga pamsika akamaliza kupopa tayala la kabaza amalidina ndi chala chachikulu. Chala chikalowa amaonjezera mpweya, chikabwerera amati lakhuta. Geji ya pamakina opopera matayala a galimoto imachita zomwezo ndi chitsulo. M'kati mwake muli kachubu kophwatalala, kopindidwa ngati zenga, kotseka mbali imodzi. Mpweya ukalowa, kachubuko kamafuna kuongoka, ndipo nsonga yake imakoka timagiya tomwe timazunguza muvi. Eugène Bourdon analembetsa luso limeneli ku Paris mu 1849, ndipo mpaka lero silinakalambe chifukwa silifuna batire.

Sensa yamagetsi imasiyana ndi geji imeneyi pa chinthu chimodzi: kupindika kuja imakusandutsa magetsi oti kakompyuta kawerenge. Maziko ake anaikidwa mu 1856, pomwe William Thomson, yemwe pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, anapeza kuti waya ukakokedwa magetsi amavutika kudutsamo kusiyana ndi kale. Zili ngati ngalande ya kudimba, yomwe ikatalika n'kupapatiza madzi amayenda movutikira. Mu 1938 Edward Simmons ndi Arthur Ruge a ku America, aliyense payekha, anamata kawaya kopyapyala pachitsulo kuti chitsulocho chikatamuka kawayako katamuke nacho. Masiku ano m'malo mwa waya amagwiritsa ntchito kachitsulo kopyapyala kuposa pepala, kojambulidwa mokhotakhota pakapulasitiki kosakula kuposa chikhadabo. Dzina lake ndi strain gauge. Kusintha kwake ndi kochepa: kakatamuka ndi gawo limodzi pa 1,000, kukana kwake magetsi kumakwera ndi magawo awiri okha pa 1,000.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza thumba la mlimi. Sikelo ya manambala yomwe ogula mbewu amaika m'mbali mwa msewu wa M5 nyengo yokolola ikafika, yoyezera chimanga, mpunga, mtedza ndi thonje, ikatsegulidwa kunsi mumapezeka zinthu zochepa modabwitsa. Muli batire, kabolodi kakang'ono, ndi kamtanda ka aluminiyamu kotalika ngati chikhatho, kobooledwa pakati kuti pakhale malo ofooka odziwika. Mbali imodzi ya kamtandako ndi yomangirira kutsinde, inayo yanyamula thebulo loikapo katundu. Thumba la makilogalamu 50 likakhala pamwamba, kamtandako kamapindika mosakwana milimita imodzi, moti diso silingaone. Pamalo ofooka aja pamatidwa ma strain gauge anayi. Awiri amatamuka, awiri amafinyika. Onse anayi amalumikizidwa ngati mtsinje wogawika panjira ziwiri zofanana: pakakhala popanda katundu, magetsi a mbali zonse amalingana ndipo pakati pake palibe kusiyana, katundu akabwera, mbali imodzi imaposa inzake. Kalumikizidwe kameneka kanayamba ndi Samuel Hunter Christie mu 1833, koma kamadziwika ndi dzina la Charles Wheatstone amene anakatchukitsa mu 1843. Kusiyanako kumangokhala timagawo tochepa pa 1,000 ta volti imodzi. Kabolodi kaja kamakukulitsa, n'kukusandutsa nambala yooneka pagalasi.

Kuika anayi m'malo mwa kamodzi kuli ndi chifukwa chomwe munthu wa ku Salima angachimvetse msanga. Dzuwa la mu Okutobala likaomba sikelo, aluminiyamu amafutukuka, ndipo strain gauge imodzi payokha singasiyanitse kutentha ndi katundu. Koma anayiwo akatenthedwa mofanana, amasintha mofanananso, mbali ziwiri zija zimakhalabe zolingana, ndipo nambala sisuntha. Luso limeneli ndi lokongola, ngakhale lili ndi malire. Dzuwa likaomba mbali imodzi ya sikelo, inayo ili pamthunzi, kulingana kuja kumasokonekera.

Sikelo imayeza mphamvu ya katundu wouma. Kuti chida chiyeze mpweya kapena madzi, m'malo mwa kamtanda amaikamo kachikopa kokungidwa ngati ka ng'oma. Presha ikakankha mbali imodzi, kachikopako kamatupira mbali inayo. Mu 1954 Charles Smith wa ku Bell Laboratories anaonetsa kuti silikoni akafinyidwa amasintha kadutsidwe ka magetsi kwambiri kuposa chitsulo, mwina ka makumi angapo. Kuchokera pamenepo anthu anaphunzira kusema kachikopa m'kachidutswa ka silikoni kochepa ngati njere ya mapira, zomvera zake zinayi zili mommo. Masensa ena sayeza kutamuka koma mpata wa pakati pa kachikopako ndi kambale kena kosasuntha, poti mpatawo ukachepa magetsi osungika pakati pao amachuluka. Chofunika kudziwa ndi chomwe chili kuseri kwa kachikopa. Kukakhala kopanda mpweya n'komwe, sensa imayeza presha yonse, ndipo zotere ndi zomwe zili m'zida za anthu a zanyengo ndi m'mafoni ena, zomwe zimazindikira munthu akakwera mamita ochepa chabe. Kukakhala kotsegukira kunja, sensa imangoyeza presha yoposa ya mpweya wamba, monga mmene geji ya matayala imachitira: tayala lophwa limawerengedwa 0 ngakhale muli mpweya.

Sensa ya silikoni yofunika koposa zonse m'dera ngati la Khombedza ili m'makina oyezera BP. Chichewa chinasunga mawu oti sikelo ngati dzina la tsiku lomwe amayi oyembekezera ndi ana aang'ono amapita kuchipatala, chifukwa choyamba kuchitika kumeneko ndi kuyeza thupi. Koma kwa mayi wapakati, lamba womangidwa pamkono ndiye angapulumutse moyo kuposa sikelo yopondapo. Lambayo anayamba ndi Scipione Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896. Mu 1905 Nikolai Korotkoff wa ku Russia anapeza kuti lamba akamaphwetsedwa pang'onopang'ono, mtsempha umayamba kumveka kugunda kenaka n'kukhala chete, ndipo malo awiriwa ndiwo nambala ya pamwamba ndi ya pansi. Makina amakono alibe khutu. Amapopa lamba mpaka magazi ataleka kudutsa, n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Magazi akayamba kudzipanikiza kudutsa, kugunda kulikonse kwa mtima kumatutumutsa lambayo pang'ono, ndipo sensa imamva timafunde timeneti kudzera m'kapaipi. Timafundeto timakula, timafika pachimake, kenaka timachepa. Pachimakepo ndi presha ya pakatikati, ndipo nambala ziwiri zomwe namwino amalemba m'buku makinawo amachita kuziwerengetsera kuchokera pa kakulidwe ndi kachepedwe ka timafundeto.

Nambalazo zimatchulidwabe m'mamilimita a mekyule, potsatira chubu cha Torricelli chija. BP ya 120 ndi presha yotha kukweza madzi m'chubu mamita 1.6. Kudziwa zimenezi kumathandiza kumvetsa chifukwa chomwe mkono uyenera kukhala molingana ndi mtima poyeza: ukalendewera masentimita 10 kunsi, magazi a mumkonomo amaonjezera 7 kapena 8 pa nambala. Lamba wochepa pamkono waukulu amakweza nambala, ndipo kuyankhula kapena kusuntha kumasokoneza timafunde tija. Mayi wodutsa milungu 20 ya pakati akapezeka ndi 140 pamwamba kapena 90 pansi, a chipatala amayenera kufufuza bwino, chifukwa BP yotere imatha kufika pomukomola ndi kumugwetsa ngati wakhunyu, iye asanamve kudwala kwenikweni. Vuto ndi lakuti makina ena ogulitsidwa m'masitolo sanayesedwe pa amayi oyembekezera, ndipo amatha kupereka nambala yotsika pamene zinthu zaipa. Pofuna kuthana ndi zimenezi, akatswiri a ku King's College London pamodzi ndi kampani ya Microlife anapanga makina otchedwa CRADLE, opopa ndi dzanja, omwe amayatsa nyali yobiriwira, yachikasu kapena yofiira. Anayesedwa mu 2016 ndi 2017 m'maiko 8, ndipo Malawi anali m'gulumo.

Si nthawi zonse pamene silikoni ndiye yankho. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa ndi a ku Rice University mogwirizana ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Presha yolowa m'mapapo mwa khanda imakhazikitsidwa ndi madzi a m'botolo. Paipi yomizidwa masentimita 6 imapereka presha ya masentimita 6 a madzi, mpweya wotsala n'kumatuluka ngati thovu. Namwino akaona thovu likubwata amadziwa kuti zili bwino, ndipo muyeso umenewo sungasochere pokhapokha madzi ataphwera.

Pali mtundu winanso wa sensa womwe umadzipangira wokha magetsi. Jacques ndi Pierre Curie anapeza mu 1880 kuti miyala ina, monga quartz, ikafinyidwa imatulutsa magetsi. Kaphokoso koti tha! ka laita yodina ndi kanyundo komenya kamwala kotere, ndipo moto umayaka ndi kamphezi kotulukapo. Masensa amenewa amamva kugunda ndi kunjenjemera, koma katundu wongokhala phee samusunga, chifukwa magetsiwo amatha msanga.

Zopondera, zomwe ndi timikeka tomva kupondedwa, funso lao ndi lalifupi: pali chinthu kapena palibe? Makolo ankachita zofanana ndi mbuna yokolera nyama, dzenje lofunditsidwa ndi timitengo ndi udzu. Kalulu amadutsa bwinobwino, koma nguluwe imagweramo, chifukwa mlenje anasankha timitengo tothyoka pa kulemera komwe akufuna. Chopondera chamagetsi chili ndi mapepala awiri odutsa magetsi, olekanitsidwa ndi siponji yobooledwabooledwa. Munthu akapondapo siponji imafinyika, mapepalawo amakhudzana kudzera m'mabowo, ndipo belu limalira. Kulimba kwa siponji ndi kukula kwa mabowo ndiko kumasankha ngati mphaka angalize belulo kapena ayi. Chotere chimabisidwa pansi pa kapeti pakhomo, pamatiresi a wodwala yemwe sayenera kudzuka yekha, ndiponso m'mpando wakutsogolo wa galimoto zambiri zochokera ku Japan. Dalaivala wa Sienta akaika thumba la ufa pampandopo, galimoto imayamba kulira kuti wokwerayo amange lamba, poti chopondera sichidziwa munthu, chimadziwa kulemera kokha.

Zopondera zina zimatha kunenako kuti kupondako n'kwakukulu bwanji. Zimapakidwa inki yakuda yosakaniza ndi kaboni, yomwe pamwamba pake ndi pokhakhala ngakhale diso silingaone. Kukanikiza pang'ono kumakhudzitsa nsonga zochepa, kukanikiza kwambiri kumakhudzitsa zambiri, ndipo magetsi amadutsa mochuluka. Sizingagwiritsidwe ntchito pamalonda chifukwa nambala yake imasinthasintha, koma zikayalidwa mazanamazana pamkeka umodzi zimajambula mapu a malo omwe thupi likupanikizika. Ntchito yake yaikulu ndi ya anthu okhala panjinga ya olumala ndi odwala ogonera. Fupa la m'chiuno kapena la chidendene likapanikiza khungu kwa maola ambiri, timitsempha timatsekeka, mnofu umafa, ndipo pamabuka chilonda chovuta kupola. Mkekawo umaonetsa malo oopsawo ndi mtundu wofiira pakompyuta, ndipo khushoni imasemedwa kuti igawe katunduyo, monga mmene nkhata imachitira. Kumene kulibe mkeka wotere, njira yodalirika ndi yomwe anamwino amauza osamalira odwala: kumutembenuza maola awiri alionse ndi kuyang'ana khungu.

Luso lomweli linagwiritsidwanso ntchito yoipa kwambiri. Mabomba okwirira pansi omwe anadzala m'minda ndi m'njira za ku Mozambique, kuphatikizapo chigawo cha Tete, ndi zopondera zokhala ndi sipuling'i yomwe imamasuka ikalemedwa ndi makilogalamu ochepa, ochepa moti mwana amakwanira. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi omwe anathawira ku Malawi anayamba kubwerera, koma mabombawo anakhala akudikirabe. Dziko la Mozambique linalengeza kuti lachotsa mabomba m'malo onse odziwika mu Seputembala 2015. Ena mwa omwe anagwira ntchitoyo anali abwampini ophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Morogoro m'dziko la Tanzania. Bwampini amanunkhiza onga, ndipo poti amangolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, amayenda pamwamba pa bomba osaliphulitsa.

M'madzi, sensa ya presha imasanduka choyezera kuya. Ikamizidwa pamalo okhazikika m'nyanja, mumtsinje kapena m'chitsime, sentimita iliyonse ya madzi oonjezereka imaonjezera mapascal pafupifupi 98, ndipo kachidako kamalemba nambala usana ndi usiku kwa miyezi. Komabe kamamva madzi pamodzi ndi mpweya wa pamwamba pake, ndipo mpweyawo umasintha ndi nyengo moti ungaoneke ngati madzi akwera kapena atsika masentimita angapo. Choncho pamafunika sensa yachiwiri kumtunda yoti nambala yake ichotsedwe, kapena kapaipi kopititsa mpweya wakunja kuseri kwa kachikopa. Masentimita amenewa si nkhani yaing'ono kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi analowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'maboma a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Muyeso womwewo ndi umene amayang'ana potsegula kapena kutseka zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, yomwe imawongolera madzi opita kumakina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Sensa iliyonse imangodziwa kupindika. Kuti kupindika kwakuti ndi makilogalamu 50, imachita kuuzidwa. Wopanga amaika mwala woyezera wodziwika kulemera kwake, n'kuuza kabolodi kuti kasunge nambalayo. Kuyambira tsiku limenelo zinthu zimayamba kusintha. Thumba loponyedwa mwamphamvu limatha kupinda kamtanda kaja mosabwereranso. Chinyezi cha kunyanja chimalowa m'guluu womata ma strain gauge. Mchenga ndi njere za chimanga zimadzaza pansi pa thebulo n'kunyamulako gawo la katundu, ndipo sikelo imawerenga zochepa. Pansi popendekeka ndi batire lofooka nazo zimasokoneza. Palinso dzanja la munthu: mabatani omwe amaphunzitsira sikelo zoona angaiphunzitsenso bodza, ndipo batani lochotsera kulemera kwa thumba lopanda kanthu lingadinidwe pali kanthu kena kolemera. Nambala zowala pagalasi zimaoneka zosatsutsika kuposa muvi wa sikelo yakale yopachika pamtengo, ndipo mlimi yemwe walima chaka chathunthu amachita manyazi kuzikayikira. Sayenera kutero.

Ntchito yoyendera masikelo a malonda ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Miyala yake yoyezera imayerekezedwa ndi ina yolondola kwambiri, inayonso ndi ina, mpaka kukafika pa muyeso wa dziko lonse. Kuyambira mu 1889 muyesowo unali kachitsulo kosungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris, kufikira pa 20 Meyi 2019 pomwe kilogalamu inayamba kutanthauziridwa ndi nambala yosasintha ya m'chilengedwe. Sikelo yoyesedwa imapatsidwa chizindikiro, ndipo wogulitsa mbewu ali ndi ufulu wopempha kuchiona. Kumudzi muyeso wapafupi ndi madzi, poti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Sikelo iyambe yaonetsa 0 popanda kanthu. Chigubu chiyezedwe chopanda madzi, kenaka chikhale ndi malita 5, kenaka 20, chifukwa sikelo ina imalondola pa katundu wochepa n'kumasochera pa wolemera. Chigubu chomwecho chikasunthidwa kuchoka pakati kupita pangodya zonse zinayi za thebulo, nambala iyenera kukhala yomweyo, ndipo chikachotsedwa ibwerere pa 0.